Foni ya amayi yakana kutsegula vesi

Mwaswera bwanji nonse.

Foni ya amayi inadzaza, zithunzi za adzukulu zinasiya kulowa. Dzulo ndinapita nayo ku Songani. Wokonza mafoni anati tichotse apu imene amayi amawerengera Mawu a Mulungu chifukwa ikudya malo, mawu omwewo azitsegula pa intaneti. Anandionetsa pa foni yake, zinatheka. Ndinavomera.

Tonse awiri sitinaganize kuti amayi timawagulira bandulo ya WhatsApp yokha.

Lero kunali mapemphero a azimayi kumpingo, ndipo owerenga vesi anali amayi. Buku sanatenge, mukudziwa kuti zilembo zake zinawachepera. Akazi anga, mayi a Tadala, analipo, ndi amene andiuza zotsatirazi.

Amayi aimirira kutsogolo, adina pamene ndinawaonetsa. Kabwera kanthu kozungulira kaja. Kazungulira, kazungulira, anthu akudikira.

Sanakhale pansi. Anena vesi lonse la pamtima, maso ali pa foni, chala chikuyenda pagalasi ngati akuwerenga. Atamaliza, mayi wina wayamikira foniyo, akuti amubwereke sabata yamawa pa tsiku lake lowerenga.

Pofika kunyumba amayi andipatsa foni ija n'kunena kuti, "Bambo a Tadala, mundibwezere Mawu anga pamene munawapeza." Sanandilankhulenso mpaka pano.

Ndayang'ana chimene chinadzaza foni. Si apu ija ayi. Ndi zithunzi za maluwa zolembedwa "mwadzuka bwanji" zimene azakhali a ku Naisi mumatumiza pagulu pano m'mawa uliwonse.

Malo a zonse ziwiri palibe. Tichotse chiti? Azakhali, muyambe ndinu kuyankha.