Wilo Lachitatu la Naphiri

Mpaka lero, utsi wa dizilo ukandilowa m'mphuno pamodzi ndi fumbi la thonje, ndimapezeka ndili m'shedi ya Che Saidi, kuseri kwa sitolo yawo ku Katete, pafupi ndi msewu waukulu. Inali nyengo yachisanu, chimanga chili kale m'nkhokwe, milomo yathu itang'ambikang'ambika ndi mphepo. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Anali masiku aja amene sopo ankasowa, moti mukamva kuti wafika kusitolo munkasiya ndiwo pamoto n'kuthamangira pamzere. Inalinso nyengo imene akulu anga, a Enelesi, anabwerako kuchipatala ndi chifuwa chawo chomwecho, ndipo sanadzukenso bwinobwino pamphasa.

Che Saidi anali Msilamu wobadwira ku Malawi, munthu wamtali wa kapu yoyera, wolankhula pang'onopang'ono ngati akuyeza mawu pasikelo. Chaka chimenecho anabwereka makina a baisikopo kwa mnzawo wa ku Lusaka, ndipo Loweruka lililonse masana ankaonetsa filimu m'shedi yosungiramo thonje. Mazenera ankatsekedwa ndi masaka, kutsogolo n'kupachikako nsalu yoyera, kunja injini ikugunda. Akuluakulu ankalowa ndi timakobidi ta mangwee, ife ana tinkalowa ndi kambale ka nsawa. Tinkakhala pamabelo a thonje, miyendo ili lendelende, ndipo kuwala kwa makina kunkadutsa pamitu pathu kutadzaza tiulusi ta thonje touluka.

Filimuyo inali imodzi yokha. Munalibe anthu enieni. Zonse zinali zojambula pamanja, koma zikuyenda, zikuphethira, zikuimba. Mwini nkhani anali mwana wamkazi wa mfumu ya dziko lakutali, mtsikana wa m'chiuno mowonda ngati mavu. Chizungu chake chinkatulukira m'mphuno, moti ngakhale aphunzitsi ankangogwedeza mutu kuti tisawafunse. Dzina lake palibe analimva. Koma popeza nyumba ya bambo ake inali pamwamba pa phiri, mayi wina wogulitsa tomato anangoti ameneyu ndi Naphiri, ndipo dzinalo linamumatirira. Dziko lakelo linali loyera ponseponse, m'mitengo ndi pamadenga pomwe, ndiye tonse tinagwirizana kuti ndi thonje. Azibambo ankachita kudandaula kuti anthu akumeneko ndi aulesi, thonje lonselo kulisiya osatola. Ndinafika kusekondale ndisanadziwe kuti chinali chipale chofewa.

Nkhani tinkaimva ndi maso. Nduna ina ya ndevu zosongoka inalanda Naphiri chisoti chake, n'kumuika m'bwato lopanda nkhafi kuti mtsinje umutenge. Mnzake yekhayo anali bakha wotsimphina, wokonda kudya, amene ankatiseketsa mpaka nthiti kuwawa. Anthu a ku Katete sankaonera filimu atakhala chete. Naphiri akavina, amayi ankaimba nthungululu. Nduna ija ikatulukira, ankaitukwana ndi makolo ake omwe, ndipo tsiku lina bambo wina anaigenda ndi patapata, nsalu n'kugwedezeka. M'bwatomo Naphiri ankaimba nyimbo yapansipansi, dzanja lili m'madzi. Ife tinaiikira mawu athu, akuti bwato langa undifikitse, kwathu n'kutali. Sabata isanathe, nyimboyo inali itafika kuchigayo ndi kumjigo, ndipo atsikana ankasinjira nayo.

Koma filimuyo inalibe mathero. Bwato likangoyandikira mathithi, madzi akuwinduka, Naphiri atakumbatira bakha wake, nsalu inkangoti mbee, makina n'kuyamba kulira kuti pha pha pha. Filimu inabwera m'zitini zaphwatalala zokhala ndi mawilo, ndipo mawilowo anayenera kukhala atatu. Che Saidi analandira awiri. Loweruka loyamba anthu anakana kutuluka. Mayi wa tomato uja anafunsa ngati n'zoona kuti tisiye mwana wa eni ake pamadzi ife n'kumapita kukadya. Che Saidi anapepesa, nati wilo lachitatu linatsalira ku Lusaka ndipo libwera pabasi. Anthu sanasiye kubwera. Loweruka lililonse tinkalowa tikudziwa pomwe zithere, koma bwato likafika pamathithi paja tinkagwirabe mpweya.

Kunyumba tinali atatu, amayi, a Enelesi ndi ine, pakuti bambo anali kumigodi. A Enelesi anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Asanadwale ndiwo ankatsogolera nyimbo kukwaya, ndiwonso ankandiluka tsitsi akundimenya ndi chipeso ndikagwedeza mutu. Tsopano anali atatha, zibangili zikufika m'chigongono. M'mawa amayi ankawatulutsa kuti aothere dzuwa kukhonde, atafunda bulangete lofiira lonunkha utsi ndi mankhwala. Anali ndi kapu yawoyawo ndi mbale yawoyawo, ndipo pambali pawo pankakhala kachitini ka mchenga kolavuliramo. Anzawo a kukwaya ankabwera, koma ankaimira patali, pafupi ndi mtengo wa mango.

Ndinapempha amayi kuti tibwereke wilibala tiwatengere kushedi. Anakana. Anati fumbi la thonje lingawamalize, komanso anthu angathawe akamva chifuwacho. Choncho baisikopo ya a Enelesi ndinali ine. Ndikangotuluka m'shedi ndinkathamanga osaima, kudutsa pamsika ndi pamalo okwerera basi, kuti ndifike nkhani isanazizire. Ndinkaima pabwalo, chitenje cha amayi chili paphewa, n'kukhala Naphiri, kenako nduna, kenako bakha. Kutsimphina kwa bakha ndinkakutha kwambiri. A Enelesi ankaseka mpaka chifuwa kuwagwira, amayi n'kutuluka m'khitchini kudzandikalipira, koma odwalawo ankakweza dzanja kuti andisiye. Nyimbo ija anaigwira tsiku limodzi. Mawu analibenso, ankangoing'ung'udza, koma ankandikonza ndikaphonya.

Ndikafika pamathithi ndinkaima, manja ali m'mwamba, n'kunena kuti pha pha pha. Poyamba ankaseka nazo. Pofika Loweruka lachinayi anasiya kuseka. Ankangondiyang'ana ndi maso aja amene anali atakula pankhope, n'kufunsa ngati basi yabwera.

Lachisanu lililonse ndinkapita kukadikira basi ya ku Lusaka. Inkafika itafiira ndi fumbi, pamwamba pali njinga, matumba ndi malata. Ndinkayang'anitsitsa katundu aliyense amene kondakitala ankatsitsa, kufunafuna chitini chaphwatalala. Tsiku lina ndinalimba mtima n'kulowa m'sitolo ya Che Saidi, mmene munkanunkha palafini ndi nsalu zatsopano. Ndinagwada pafupi ndi kauntala n'kuwapempha kuti angondiuzako mmene zinathera, chifukwa kunyumba kuli odwala amene akufuna kudziwa. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Nkhani ya a Enelesi ankaidziwa, poti m'tauni yaing'ono chifuwa sichibisika.

"Mwanawe, inenso sindinaione," anatero. "Ndikudikira ngati iwe."

Anandipatsa maswiti awiri, imodzi yanga, ina ya odwala. Ndinatuluka nditakwiya. Sindinkamvetsa kuti munthu wamkulu chotero, mwini injini ndi makina, angalephere kuitanitsa chitini chimodzi.

Ndiyenera kunena za khalidwe langa, pakuti ndi limene linandipweteka. Ndinali mwana waliuma, wokonda zinthu zolongosoka. Ku Sande sukulu anatiphunzitsa kuti bodza ndi tchimo, ndipo ine ndinazitenga monga mmene anazinenera, osachotsapo kanthu. Mnzanga akawonjezera nkhani ndinkamutsutsa pagulu. Amayi ankati ndidzakhala woweruza milandu, ndipo sankanena moyamikira.

Loweruka lachisanu ndi chimodzi kunazizira kwambiri. A Enelesi sanatuluke kukhonde, choncho ndinakawaseweretsa filimu m'chipinda, malo ali ochepa, ndikugunda khoma ndi chigongono. Nditafika pamathithi, anandikodola kuti ndikhale pafupi. Dzanja lawo linali lotentha ndi lopepuka.

"Ndiye iwe ukuganiza kuti zinatha bwanji, Tisa?"

"Sindidziwa, asisi. Sindinaone."

"Ingopeka. Ndiuze mmene ukufunira iweyo."

"Limenelo likhala bodza. Dikirani Loweruka, wilo libwera."

Anatseka maso n'kumwetulira pang'ono. "Chabwino, mayi woweruza. Ndidikira."

Ndinatuluka ndikudziona ngati ndachita bwino. Ndinkafuna kuwabweretsera mathero enieni, osati opeka. Ndinali nditakonza kale mmene ndidzathamangire, ndi pomwe ndidzaime pabwalo.

Anamwalira Lachinayi m'mawa, ine ndili kumjigo. Ndinamva kulira ndili panjira, ndowa ili pamutu, ndipo ndinadziwa mawu a amayi. Sindinathamange. Ndinayenda bwinobwino kuti madzi asatayike, n'kukatula ndowa pamalo ake. Lachisanu tinakawaika. Anzawo a kukwaya aja anaimba njira yonse, ndipo tsikulo anayandikira. Bambo uthenga unawapeza mochedwa, anafika manda atawuma kale.

Kwathu maliro sathera kumanda. Abale amakhala pasiwa mpaka tsiku lometa, osapita kumsika, kumunda kapena kumasewera. Choncho Loweruka ndinali m'nyumba, pamphasa, pakati pa azakhali ndi amayi a mumpingo, mipando yonse itatulutsidwa panja. M'nyumbamo munkanunkha utsi ndi thukuta. Dzuwa litapendeka pang'ono, ndinamva injini ikugunda kutali. Posakhalitsa mnzanga Jesi anasuzumira pazenera, maso akuwala, n'kundinong'oneza kuti chitini chafika pabasi yadzulo. Basi imeneyo inadutsa ife tili kumanda.

Sindibisa, ndinkafuna kupita. Akulu anga anali atagona m'dothi tsiku limodzi lokha, koma miyendo yanga inkayabwa. Ndinayang'ana amayi. Anali atatsamira khoma, duku lili pamaso, milomo itauma. Sindinathe kupempha. Ndipo ngakhale ndikanapempha, palibe akanalola mwana wa pasiwa kukakhala pamabelo tsitsi lisanametedwe.

Ndinangokhala n'kumamvetsera. Mphepo inkachokera kumsewu, ndiye phokoso la m'shedi linkafika mwapatalipatali. Ndinkadziwa chilichonse. Kuseka kuja ndi bakha, kutukwana kuja ndi nduna. Kenako shedi yonse inayamba kuimba nyimbo ya bwato, ndipo mayi wina amene anakhala pafupi nane anayamba kuing'ung'udza osazindikira, mpaka mnzake anamugunda ndi chigongono. Itatha nyimbo kunakhala chete. Ndinawerenga mumtima mpaka pamathithi. Chete uja anapitirira, kupitirira pomwe tinkathera masiku onse. Ndiyeno kunabuka mfuu, nthungululu ndi kuwomba m'manja kosalekeza, agalu a m'tauni n'kuyamba kuuwa.

Pamenepo m'pamene ndinalira. Kumanda sindinagwetse msozi, moti azakhali ankanong'onezana kuti mwanayu ngouma mtima. Tsopano ndinalira mpaka mawu kusasa, ndipo anandikumbatira n'kumati zamufika tsopano. Sankadziwa kuti ndikulira chifukwa kushedi kwachitika chinthu chabwino, ndipo ndilibe wokamuuza.

Tinameta Lachiwiri, kuseri kwa nyumba, ndi lumo limodzi tonse. Tsitsi limene a Enelesi ankaluka linagwera pansi, mutu wanga n'kumva mphepo. Lachitatu ndinadutsa kushedi. Masaka anali atachotsedwa m'mazenera, ndipo lole inali pakhomo ikupakira mabelo. Makina anali atabwerera kwa mwini wake. Jesi anandipeza pomwepo, nkhani ikumusefukira m'kamwa, koma atangoti bwato lija, ndinatseka makutu ndi manja n'kuthawa. Anayesanso kawiri masiku otsatira, kenako anandisiya. Nyimbo ija inamvekabe kuchigayo mpaka mvula yoyamba, kenako anthu anapeza ina.

Ndine wamkulu tsopano, ndipo filimu ija sindinaionenso. Adzukulu anga amati angaipeze pafoni nditawauza dzina lake, koma ine dzina limene ndimadziwa ndi Naphiri basi. Ndili mwana ndinkaimba mlandu basi, kuti inachedwa ndi sabata imodzi. Zinanditengera zaka kuti ndione kuti a Enelesi sankadikira basi. Iwo ankamva mmene chifuwa chikuwathera, ndipo masiku awo ankawadziwa kuposa ife tonse. Ankangofuna kuti mng'ono wawo aime pakati pa chipinda, chitenje chili paphewa, anene kuti bwato linakocheza pamchenga, mtsikana uja n'kutsika ndi bakha wake, anthu akwawo n'kumulandira. Mawu ake ndi omwewa, sakwana n'komwe mpweya uwiri. Ndinali nawo m'kamwa tsiku lija, dzanja lawo lili m'manja mwanga, ndipo ndinawauza kuti adikire Loweruka.