Chikwatu cha Amayi ku Peckham

Chipinda changa choyamba ku London chinali chapansi, ku Peckham, ndipo pawindo ndinkangoona miyendo ya anthu othamangira basi. Nthawi imeneyo ndinkaphunzira unamwino cha ku Greenwich. Chipindacho chinali zonse: pogona pomwepo, pophikira pomwepo, zovala ndinkayanikanso momwemo. Dzuwa silinkalowamo, mwina linalibe chilolezo.

Chaka changa chachiwiri, mayi wina wa kutchalitchi kwathu anabwera kuchokera ku Malawi atanditengera katundu wochokera kwa amayi anga. Chinali chikwatu: mfutso wa chitambe wokulungidwa m'masamba a msuku, womangidwa ndi luzi, kukula ngati mpira. Uthenga wake unali wakuti amayi manja akuwavuta ndi nyamakazi, maso nawonso ayamba kuchita mdima, moti chaka chino afutsa movutikira ndipo sakudziwa ngati adzafutsenso.

Ndinachinunkhiza chikwatucho ndili chiimire pakhomo la tchalitchi, anthu akundiyang'ana. Ndinadziuza kuti ichi sindimasula. Chikatha, china ndidzachipeza kuti?

Kwathu aliyense amadziwa malo a chikwatu. Chimapachikidwa kudenga la khitchini, pamwamba pa moto, kuti utsi uzichiumitsa ndi kuthamangitsa tizilombo. Ine ndinakhoma msomali pamwamba penipeni pa chitofu changa cha gasi n'kuchipachika. Ndinadzimva kuti ndine mwana woleredwa bwino. Pansi pake ndinkaphika nyemba zouma, zija zimabwata theka la tsiku, mawindo ali chitsekere chifukwa cha kuzizira.

Chinyezi ndinkachiona, koma ndinkachitenga ngati chimodzi mwa zodabwitsa za dziko la eni. M'mawa galasi la windo linkatuluka thukuta. Khoma la kuseri kwa bedi linamera timadontho takuda, nsapato zanga za kutchalitchi zinachita nguwi. Chimene chinkandizunguza mutu n'chakuti denga silinkadontha. Kwathu madzi akalowa m'nyumba umawaona polowera, umaikapo beseni. Awa ankachokera kuti? Ndinagogodapo makoma, ndinasuzumira pansi pa sinki, osapeza kanthu. Eni nyumba atabwera anangoti ndizitsegula mawindo, iwo atavala majasi awiri.

Pamwamba panga pankakhala mayi wina wachikulire wa ku Chipata, ku Zambia, amene ankagwira ntchito yosamalira okalamba. Tsiku lina anatsika kudzabwereka mthiko. Atakweza maso n'kuona chikwatu chija, anagwira m'chiuno.

"Manje iwe mwana, ndiwo izi waika pamwamba pa cooker?"

"Ndiye malo ake, amayi. Kwathu timatero."

"Kwanu kuli utsi. Apa pali utsi? Iyi ni steam chabe. Ukuziphika pang'ono pang'ono daily. Tsitsa tione."

Ndinachitsitsa. Chinabwera chopepuka ndi cholira tswatswa, koma tsopano chinali cholemera, chofewa ngati mkate. Tinadula luzi n'kufunyulula masamba a msuku. Ndiwo za kunja zinali zitachita chuku, choyera ngati thonje. Za m'kati zinali zisanagwidwe, zinangofewa. Ndinakhala pabedi n'kuyamba kulira, ndipo sindinachite nazo manyazi.

"Kulira uwonjezela manzi mu room," anatero mayi aja. "Vala jacket. Tiyende tikagule dehumidifier."

Dzinalo ndinali ndisanalimvepo. M'basi anandifotokozera kuti ndi makina oyamwa chinyezi mumpweya. Ine ndinaseka. Madzi amatungidwa pachitsime, pampopi, ngakhale kukhwawa, koma kutunga madzi mumpweya? Ndinkaganiza kuti akundinyengerera kuti nditonthole.

Kusitolo makinawo anali atandandalikidwa, oyera onse, ena ofika m'bondo, ena m'chiuno. Wogulitsa ndinamutopetsa ndi mafunso. Anati mitundu ilipo iwiri. Ena amagwira ntchito ngati firiji: amaziziritsa mpweya mpaka madzi ake adonthe, koma chipinda chikakhala chozizira kwambiri amachita ulesi. Enawo ali ndi chinthu m'kati chomwe chimamwa chinyezi, sasamala za kuzizira, ndipo amatulutsa kampweya kofunda, kungoti amadya magetsi. Anandifunsa kukula kwa chipinda, ine ndinamuyezera ndi mapazi pakati pa sitolo. Ndinamupempha ayatse amodzi ndimve phokoso lake, popeza ndinkayenera kugona nawo limodzi. Ndinafunsanso kuti thanki yake ikadzaza chimachitika n'chiyani, iye anati amazima okha. Zimenezo zinandisangalatsa, chifukwa anthu ambiri amene ndimawadziwa akakhuta sasiya.

Tinatenga ofunda aja, aang'ono, okhala ndi chogwirira pamwamba. Pobwerera anakhala pampando wawo m'basi, ine nditawakumbatira.

Kunyumba tinasankha ndiwo zija tsamba ndi tsamba. Zonse zachuku, ndi zoyandikana nazo, zinapita kubini, ndipo pamenepo mayi aja sanalole kukambirana. Zotsala zinali zosakwana theka. Ndinaziyala pachitenje patebulo, monga amayi ankayalira pamphasa, ndinayatsa makina, kenako ndinakatsegula windo kuti kamphepo kazidutsa. Chinthu chimauma bwanji popanda mphepo?

"Ufuna kuumika Peckham yonse?" anandifunsa. "Vala window, vala na door. Machine uyifendeze, isagunde ku wall, nayo ifunika kupema."

Mawa lake nditabwera kusukulu sindinavule n'komwe jasi. Ndinasolola thanki ija, ndipo inali ndi madzi pafupifupi kudzaza. Oyera mbee, opanda fungo. Ndinawathira m'galasi n'kuwayang'anitsitsa pa getsi. Anali madzi a ndani? Mwina a nyemba zanga, a yunifolomu zomwe ndinkayanika pampando, a mpweya wanga womwe ndikagona. Miyezi yonseyi ndinkafunafuna podontha, osadziwa kuti mvula ya m'chipindamo ndinali ine. Ndinafuna kulawa, koma mayi aja anali atandiletseratu, choncho ndinathirira kaduwa kawo ka pamasitepe.

Ndinasanduka munthu wosuzumira thanki. Ndikachapa, madzi ankachuluka. Ndikavundikira poto, ankachepa. Windo linasiya thukuta, ndipo khoma nditalipukuta silinaderenso. Ndiwo zija tsiku lililonse ndinkazitembenuza ndi zala, mpaka tsiku lina tsamba linathetheka m'manja mwanga n'kulira tswa. Ndinazitsekera m'botolo lagalasi la chivindikiro cholimba n'kuliika pashelefu, kutali ndi chitofu.

Lamlungu ndinagula khadi loimbira kunja m'kasitolo ka pamsewu, ndinaimba kwa aphunzitsi oyandikana ndi kwathu, amene anali ndi foni ya m'manja. Anakawaitana amayi. Ndinawafotokozera zonse, za msomali, za chuku, za makina otunga madzi mumpweya. Za makinazo anafunsa kawiri, kenako anaseka mpaka kutsokomola. Anati ndiwatumizire amodzi azitungira madzi m'chilimwe.

"Koma zotsalazo zili bwino, amayi," ndinatero monyadira. "Ndazisunga m'botolo. Zikhala zaka."



"Zaka? Ndiye kuti chibwerere sunalaweko?"

"Ndimaopa kuti zitha."

"Iwe, ndinathyola ndiwo zija ndi manja awa kuti uzizionera ngati chithunzi? Ukufuna udzadye pamaliro anga? Idya ndikadali moyo, undiuze ngati zakoma."

Ndinaphika tsiku lomwelo. Nsinjiro ndinalibe, ndinatendera ndi chiponde cha m'botolo, ndipo ndinaitana mayi a ku Chipata aja kuti tidye limodzi. Makina anali pakona akung'ung'udza. Madzi onse anali atawachotsa m'masamba aja, koma utsi wa khitchini ya amayi anausiya. Unali m'kamwa mwanga monse. Apa ndi apo dzino linkaluma kamchenga, koma tonse tinangopitiriza kudya. Amayi anga ankadziwika mudzi wonse kuti mfutso wawo sulumitsa mchenga.

Lamlungu lotsatira ndinaimbanso.

"Zinakoma, amayi. Tinanyambita mbale."

"Mchenga munalibe?"

Ndinachedwa kuyankha, ndipo iwo anamva kuchedwako.

"Unalimo eti," anatero. "Ndinapeta kawiri konse. Maso awa." Kenako anafunsa ngati zatsalako, ndipo nditati zatsala zophika kamodzi, anati ndisadikire Khirisimasi.