Sitima Yake Iti?

Mchimwene wanga wamng'ono atapeza ntchito ku Joni anaimbira ine, osati amayi. Anati walembedwa pa kago shipi. Ndinaseka mpaka misozi. "Iwe, wathawa mbuzi za kwathu kwa Nchema kuti ukawete nkhosa za eni?" Pa Chingerezi mawu awiriwa amasiyana polemba, koma m'kamwa mwathumu nkhosa ndi chombo zonse ndi shipi basi. Iye anandilongosolera kuti kago ndi katundu, shipi ndi sitima ya pamadzi, yaitali kuposa tchalitchi chathu cha kumishoni, yonyamula makontena osati anthu.

Nanga amayi ndikanawauza chiyani? Mayi anga madzi amawaopa koopsa. Mtsinje wa Mombezi ukadzaza, ngakhale pamlatho sadutsa. Ndiye ndinangoti, "Akugwira ntchito m'sitima." Sindinaname ayi, paja kwathu kuno ya panjanji ndi ya panyanja dzina ndi limodzi. Iwo anaganiza za ija amaiona ku Limbe, ine ndinangowasiya choncho. Mchimwenenso akaimba, ankangoti sitima.

Chaka chinatha, kenako foni yake inasiya kulowa. Sabata zisanu, zii. Ine chakudya chinasiya kukoma.

Loweruka lina masana amayi anabwera ndi pepala long'amba m'kope, kuti ndiwalembere pempho lokawerengedwa pa Misa. Ndinalemba. Iwo anawerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata mzere monga anaphunzirira ku sukulu ya kwacha, n'kunena kuti, "Uwonjezere kuti Ambuye ayang'anire njanji. Mvula yachuluka chaka chino."

Apa ndiye ndinalephera kupirira. Ndinaulula zonse.

Sanalire. Anangofunsa kuti, "Chaka chathunthu ndakhala ndikupempherera njanji, mwana wanga ali pamadzi? Wandisocheretsera mapemphero iwe."

Ine ndi pakamwa pangapa ndinayankha kuti Mulungu amadziwa kumene ali.

"Mulungu amadziwa, inde. Ndiye mayi wake asadziwe?"

Anandilanda cholembera. Anandiuza nditchule dzina lenileni la chinthucho. Ndinati kago shipi. Anayesa kawiri, chinatuluka kagoshipu, n'kupukusa mutu. Anati limenelo anthu salimva, alemba m'Chinyanja. Anagwada pakhonde, pepala pa mpando, n'kulemba kuti sitima ya pamazi yonyamula katundu. Anayang'anitsitsa. "Pali chasowa apa." Ndinati ndi d, amakhala patsogolo pa z. Ndinafuna kungowaikira, anandikankha dzanja. Analemba katatu konse mpaka madzi anakhala madzi.

Lamlungu, bambo owerenga mapempho anali ndi mapepala ambiri ndipo ankathamanga. Atafika pa lathu anadula, anangoti, "mwana wawo amene amagwira ntchito m'sitima."

Amayi amakhala benchi ya kumbuyo. Ngakhale ku mphakati, komwe timakumana mabanja ochepa, mawu awo samveka. Koma ndinangoona adzuka.

"Ya pamadzi!"

Tchalitchi chonse chinatembenuka. Ine ndinasowa polowera, abale. Iwo anaimabe chilili, atagwira kolona. Bambo aja anakonza magalasi, n'kuwerenganso monga zinalembedwera, liwu ndi liwu: sitima ya pamadzi yonyamula katundu. Anthu atayankha kuti tikupemphani mutimvere, m'pamene amayi anakhala pansi. Manyazi anga aja anathera pomwepo. Ndinawanyadira mayi amenewa kuposa tsiku lina lililonse.

Mchimwene anaimba patapita masiku asanu ndi anayi. Anati anali pakati pa nyanja, kopanda netiweki. Ndinathamanga ndi foni kudimba kumene amayi ankapalira. Ndinkaganiza kuti amukalipira, koma anangopukuta dzanja pachitenje n'kufunsa, "Madziwo ndi akuya bwanji?"

Ndinamumva akuyamba zoti musadandaule amayi.

"Usandinyengerere ngati mlongo wakoyu. Ndiuze, ndidziwe chopempherera."

Anawauza. Za mafunde otalika kuposa nyumba, za masiku osaona mtunda, za mbale zogwa zokha patebulo. Ine ndinatambasula dzanja kuti ndilandire foni. Sanandipatse. Anamvetsera mpaka anamaliza.