Masamba Awiri pa Nachesi

Fungo la khoko la nachesi likandifika m'mphuno, ndimapezeka ndili ku Dambe, chaka chimene ndinali mu Sitandade 4. Inali nyengo yachisanu. Chifunga chinkagona m'mapiri mpaka dzuwa litakwera, zala zikuuma ngati nkhuni. Kuseri kwa nyumba yathu kunali mitengo isanu ya manachesi imene malemu bambo anatisiyira, ndipo ndi imene inkatidyetsa.

Tsiku la msika mayi ankathyola mame asanaume. Sankangosomola chipatso ayi. Ankadula ndi kampeni, n'kusiya kanthambi ka masamba awiri pa nachesi aliyense. Ine ndinkaona ngati kutaya nthawi. Koma pamsika anthu ankalambalala milu ikuluikulu ya mavenda n'kudzanjuta pa chiguduli chathu. Amene sankaphonya anali Mayi Gondwe, namwino wochokera kumpoto. Ankakoka anzawo apachipatala ndi aphunzitsi, n'kumawauza kuti masamba akakhala obiriwira choncho ndiye kuti chipatso chagona mumtengo. Sankanenerera. Ankafunsa za chifuwa changa, mayi n'kuwaponyera awiri a mbasela.

Chaka chimenecho mitengo inadwala. Masamba anayamba chikasu, zipatso zikungoyoyoka, pansi pakununkha chowawasa. Tsiku lina la msika mayi anadzuka ndi malungo, ndipo anandituma ndekha ndi dengu losafika n'theka lomwe. Zinandiwawa. Ndinazemba n'kukatola manachesi ogwa, ndinawapukuta ndi diresi, ndinasongola tinthambi ta masamba awiriawiri n'kutibaya pamitu pake. Ndinadziona wochenjera kuposa mudzi wonse.

Mayi Gondwe sanagwire n'limodzi lomwe kuti aone. "Za kwa mayi ako sindisankha, ingoika m'jumbomu," anatero. Dengu linatha dzuwa lisanafike pamutu, ndipo ndinabwerera kunyumba ndikuimba.

Sabata yotsatira mayi anali atapezako bwino, tinapita tonse. Mayi Gondwe anafika okha, sananjute. Anatambasula dzanja, m'menemo muli kanthambi kofota, kosongoka kunsonga.

"Amayi, ndinasendera wodwala amene sankadya kanthu. Munali mphutsi."

Mayi anga anakayang'ana kanthambiko nthawi yaitali. Ine ndinkadikira kuti anditchule. Sananditembenukire n'komwe.

"Pepani. Ndinathyola ndine," anatero mayi anga.

Mayi Gondwe sanakalipe. Anangopita kukagula kwa mavenda, ndipo m'masabata otsatira anzawo aja anachita chimodzimodzi. Ankatipatsabe moni, koma akuyenda. Tinkakhala pachiguduli mpaka madzulo, masamba aja akufota tikuwaona, kenako n'kusenza dengu kukwera nalo phiri. Pofika mwezi wa fumbi mayi anasiya kupita kumsika n'kuyamba maganyu m'minda ya mbatatesi. Mitengo iwiri inauma, ina tinaidula tokha.

Mayi sanandimenye, ndipo nkhaniyi sanaitchule mpaka tsiku limene tinawaika m'manda. Ndikanakonda akanandikwapula, mwina bwenzi zitatha.

Nthawi imeneyo ndinkadabwa kuti anthu akuluakulu, ophunzira, angatitaye chifukwa cha manachesi ochepa chabe, pomwe mavenda ankagulitsa oola tsiku lililonse. Lero ndikapita kumsika ndimadutsa milu yokongola kufunafuna mayi amene walima yekha, woti ndigule kwa iye osatembenuza chipatso. Anthu aja ankatsata zomwezo kwa mayi anga. Ndi zimene ndinagulitsa m'mawa umodzi, ndipo sizinali zanga.