Odi Amene Sindinayankhe

Mayeso a akaunti a chaka chachiwiri ndinalembera pa laputopu, m'chipinda chathu ku Area 3. Sukuluyo inali ya pa intaneti, ndipo lamulo lake linali losakambirana: kamera ikuyang'ane mpaka kumapeto. Ukadzuka, ukalankhula, kapena munthu wina akaonekera, mayeso athera pomwepo.

Ndinali pa funso la mmene galimoto ya kampani imatsikira mtengo chaka ndi chaka pamene ndinamva "Odi!" pakhonde. Anali apongozi anga, amayi a amuna anga, atabwera kuchokera ku Mzimba osatiuza. Amuna anga anali kuntchito ku City Centre.

"Odi kuno!"

Ndinaluma mlomo. Mwendo unafuna kudzuka wokha, ndipo ndinaupanikiza ndi dzanja. Kenako nkhope yawo inatulukira pawindo, kutsogolo kwanga, kumene kamera sinkaona. Maso athu anakumana. Ine mpongozi wawo, osagwada, osanena ngakhale "Lowani", ndinabweza maso pa manambala. Ndinakwiyira kamerayo, ndinawakwiyiranso iwo. Foni ali nayo, analekeranji kuimba?

Nditatumiza mayankho ndinathamangira panja. Ndinawapeza atakhalira chikwama chawo padzuwa, pomwe mpando unali pakhonde pomwepo. Ndinagwada n'kufotokoza zonse, za kamera, za lamulo, za ndalama za fizi zimene zikanangopita pachabe.

Anamvetsera mpaka mawu anandithera, kenako anati, "Ndamva, mwananga. Aphunzitsi anuwo ine sindinawaone. Koma inuyo munandiona."