Penti Wobiriwira pa Chitseko cha Pikapu Yanga

Pikapu ndinaigula ndi thukuta la ku migodi ya ku Joni. Inali yoyera, yakale, koma yopanda bala. Ndinkanyamulira kabichi ndi nandolo kuchokera ku Namitambo kupita ku Limbe. Zaka zisanu ndi chimodzi ndili pachiwongolero, sindinagundepo ngakhale nkhuku. Anthu ankadziwa zimenezi, ndipo ine ndinkafuna kuti azidziwa.

Amalume a mkazi wanga anamwalirira kuchipatala. Kwawo kwa mkazi wanga ine ndine mkamwini, ndipo mkamwini wokhala ndi galimoto sapemphedwa kawiri. Ndinakatenga thupi, ndinalitula pasiwa, galimoto ndinaiimika pansi pa mtengo wa mango m'mbali mwa msewu. Malo analipo okwanira. Ngolo ziwiri zikanatha kupatukirana pamenepo.

M'mawa mwake tinapita kumanda. Pobwerako ndinapeza chitseko cha kumanja chitabonyokera mkati, nyali yakumbuyo itasweka. Kuchokera pachitseko mpaka kumbuyo kunali mzere wa penti wobiriwira. Pansi panali magalasi ofiira ndi mapazi a matayala akuluakulu.

"Wachita izi ndani?"

Azimayi ophika anali pafupi pomwepo. Palibe anadzutsa mutu. Mlamu wanga, mchimwene wa mkazi wanga, anandigwira pamkono.

"Alamu, pano ndi pamaliro. Zimenezi tikamba mawa."

Ananena zoona. Pamaliro sakalipirana. Ndinatseka pakamwa, koma maso sindinatseke. Pamaliropo panabwera magalimoto atatu: yanga, yakuda ya abusa, ndi lole yobiriwira imene inabweretsa nkhuni ndi chimanga. Loleyo inali itachoka. Mwini wake anali msuweni wa mkazi wanga, ndipo ankaibwereketsa kwa wachibale aliyense wodziwa kuponda kalachi. Mlamu wanga anali mmodzi wa iwo. Ndinakumbukiranso kuti kumanda iye anafika bokosi litatsika kale, akupukuta thukuta.

Tsiku lotsatira kunali kusesa ndi kumeta. Mkamwini sachoka zimenezi zisanathe. Ndinakhala ndi amuna anzanga kuseri kwa nyumba mpaka dzuwa litakwera. Nditatuluka kumsewu, galimoto yanga inali kunyezimira.

Kwathu galimoto imene yanyamula maliro sibwerera kunyumba yosatsukidwa. Zimenezo ndimazidziwa, sindikuzinyoza. Amatsuka kumbuyo kumene kunagona bokosi, ndi madzi osakaniza masamba. Kumbuyo kokha. Koma yanga anaitsuka yonse. Chitseko anachikwecha ndi mchenga ndi phulusa ngati mphika, mpaka chitsulo kuoneka. Penti wobiriwira sanatsale ngakhale kadontho. Magalasi anawasesera pamodzi ndi zinyalala za pamaliro n'kukataya kudzala. Ndipo munthu wina wokhoma zidebe anali atakhoma chitseko kuchokera mkati kuti chiwongoke. Chinatuluka matuza ngati msana wa chule.

Ndinaitana mkazi wanga pambali.

"Mayi, munalipo?"

"Ine ndinangotunga madzi, bambo."

"Anawauza ndani kuti akweche chitseko?"

"Amakuchitirani ulemu. Anachita manyazi kuti mwatithandiza, ndiye mubwerere ndi galimoto yopindika."

Mwina unalidi ulemu. Koma ulemu umenewu unadziwa bwino pofunika kukwecha.

Kupolisi ndinafika tsiku lachitatu. Sajeni wamtali, wa ndevu zometa bwino, anayang'ana layisensi yanga, kenaka anazungulira galimoto kawiri. Anapapasa matuza aja ndi chala.

"Madala, mwati anakugundani liti?"

"Dzana."

"Ndiye mukubwera lero?"

"Ndinali pamaliro."

"Nanga magalasi ali kuti?"

"Anasesa."

"Penti wa winayo?"

"Anatsuka."

"Mboni?"

"Palibe amene akuti anaona."

Anatseka buku lake. "Mudzi wonse unalipo, koma wopenya panalibe. Madala, pamaliro pamakhala tiyi yekha? Simunalaweko kena kake, n'kupsompsona mtengo wa mango pobwerera m'mbuyo?"

Wapolisi wina anaseka. Ine sindinaseke. Mowa sindinaulawepo chibadwire. Koma ndikanakhala ine pampando wakewo, ndikanafunsa chimodzimodzi. Anati lipoti sangalembe popanda mboni, kapena dzina la amene ndikumuganizira. Dzina linali pamlomo. Ndinalimeza. Kutchula mlamu kupolisi popanda umboni, dothi la pamanda lisanaume, ndiko kuthetsa banja ndi dzanja lako.

Ndinapita kutauni ku ofesi ya inshuwalansi imene ndinkalipira chaka ndi chaka. Kalaliki wa tayi anandipatsa fomu ya Chingerezi. Ndinalekeza sitandade sikisi yakale, Chingerezi cha pafomu sichindiopsa. Anawerenga zimene ndinalemba, n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi ake.

"Maliro aja anakulipirani?"

"Maliro a kuchipongozi salipiritsa."

"Ndiye n'chifukwa chiyani munakonzetsa chitseko ife tisanachione?"

"Sindinakonzetse ine."

"Galimoto yanu, koma akutsuka ena, akukhoma ena." Anatsitsa mawu. "Bambo, ndikuthandizeni. Popanda lipoti la polisi nkhani ya wothawayo siyenda. Koma mukalemba kuti munagunda mtengo nokha, apolisi avomera msanga, ife tiona pokuthandizani. Ambiri amatero."

Anandikankhira fomu yatsopano. Ndinaiyang'ana. Anafuna kuti ndisaine ndi dzanja langa kuti sindidziwa kuyendetsa. Pepala limakhala nthawi yaitali kuposa munthu. Ndinaibweza, ndinavala chipewa changa.

Sabata yonse ndinayenda ndi chitseko cha matuza. Kumsika anthu anayamba kale. "Akuluakulu, mtengo uja uli bwanji?" Anayambitsa nthabwala imeneyi sindikumudziwa, koma za mtengo ndinali nditauza mkazi wanga yekha, ndipo iye anali atapitanso kwawo kawiri.

Ndinabwerera pamalo paja ndekha. Ndinaima pansi pa mango n'kuyang'ana uku ndi uku, kufuna kuona kuti ndani akanatha kuona. Kutsidya kwa msewu kunali kasitolo, ndipo pakhonde pake pankasokera telala wina wachikulire, Msilamu, wa mwendo wolumala. Kumanda sakanatha kupita. Ndinamupatsa moni, ndinakhala pabenchi.

"A telala, tsiku la maliro munali pano?"

Makina anapitiriza kulira. "Ndimakhala pano masiku onse, kupatula Lachisanu masana."

"Munaona?"

Anasiya kupalasa. Anadula ulusi ndi mano. "Bambo, malaya a mudzi uwowo ndimasoka ine. Inu mumangobwera ndi kupita."

"Sindikufuna dzina la munthu. Ndikufuna langa."

Telalayo anaphimba makina ndi nsalu, anatenga ndodo yake. Ndinamukweza kutsogolo.

Pamaso pa sajeni analankhula pang'ono. Anati pikapu yoyera inali chiimire, mulibe munthu, mwini wake ali kumanda. Anati lole inabwerera m'mbuyo mothamanga, inakhula pikapuyo, inaima pang'ono, n'kupita.

"Lole ya mtundu wanji?"

"Yaikulu."

"Ankayendetsa ndani?"

"Bwana, maso awa ndi a singano. Amaona pafupi."

Sajeni anafunsa katatu, yankho linali lomwelo. Anapukusa mutu, anaika pepala la kaboni pakati, n'kulemba kuti galimoto inagundidwa itaima, ndi woyendetsa wosadziwika. Anadinda chidindo. Pondipatsa anati, "Pepani madala, ntchito yathu ndi kukayika." Ndinati ndamva.

A inshuwalansi anandiyendetsa miyezi iwiri. Nyali anavomera. Chitseko anakana, ati chinaonongedwanso ndi nyundo. Sindinalimbane nawo. Ndinakagula chitseko china kwa ophwasula magalimoto ku Limbe.

Lipoti lija ndinalitenga Lamulungu lina kupita nalo kwa mlamu wanga. Panali abale angapo pakhonde. Ndinaliwerenga mokweza, ndikumasulira mzere ndi mzere, mpaka pa mawu akuti woyendetsa wosadziwika. Pamenepo ndinaima, ndinamuyang'ana.

"Zikomo alamu, zatha bwino," anatero, maso ali pa zala za kumapazi.

"Zatha," ndinayankha.

Anauza mkazi wake kuti agwire nkhuku. Ndinati ndadya kale. Kumsika za mtengo zinaleka sabata yomweyo. Mlamu wanga anakhala ndi moyo zaka zambiri pambuyo pake, tinkapatsana moni pamaliro ndi paukwati, koma nkhani imeneyi sitinaikambenso, ndipo m'nyumba mwake sindinalowemonso.