Injini ya ku Hotela Itazimitsidwa

Kodi phokoso limene anthu amadandaula nalo tsiku ndi tsiku lingakhalenso ndi ntchito yake? Funsoli linandifikira ndikukula ku Senga Bay m'zaka za chipani chimodzi, boma litakoka mawaya a magetsi opangidwa ndi madzi a mtsinje wa Shire.

Kufikira nthawiyo, hotela yoyandikana ndi mudzi wathu inkadalira injini ya dizilo, yautsi ndi yosokosera. Ankailiza m'bandakucha, ndipo amayi anga, omwe ankapikula usipa kwa asodzi n'kukagulitsa, ankadzuka nayo. Magetsi atafika, injiniyo inazimitsidwa. M'mawa mwake amayi anagona mpaka dzuwa litakwera, ndipo anakapeza usipa wonse utagulidwa kale.

"Mwadzuka bwanji, adona?" anawaseka anzawo kugombe. "Tiyi tizikubweretserani pabedi?"

Amayi anaseka nawo, koma pobwerera anagula tambala woti aziwadzutsa. Mpweya unayeradi, ndipo zovala zoyanika zinaleka kuda ndi mwaye, zimenezi sindingazikane. Komabe mawayawo anangodutsa pamwamba pa mudzi wathu kulunjika kuhotela, ndipo nyumba ya amayi ilibe magetsi mpaka lero.